Chipewa, khasu ndi tikiti ya sitima: mmene tsankho lidakhalira kuchigwa cha Shire

Mukafunsa mwana wa sukulu za tsankho la pakati pa azungu ndi anthu akuda, amathamangira kutchula Nelson Mandela ndi dziko la South Africa. Wina wowerengako amatchula Martin Luther King wa ku America. Koma mumufunse ngati zoterezi zidachitikapo pa Nsanje, pa Chiromo kapena pa Chikwawa, mudzamuona akukanda m'mutu.

Mwanayo sitingamudzudzule. Kuchigwa cha Shire azungu adali ochepa zedi chifukwa ambiri ankathawa kutentha ndi malungo n'kukakhala kumapiri a Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba. Choncho kudalibe matauni ogawidwa pakati ngati a ku Joni. Koma tsankho lidalipo ndithu, kungoti linkafika pakhomo pa munthu litavala zovala zina. Linkabwera ngati msonkho, ngati mtengo wa thonje, ngati benchi la m'sitima, ndipo kumapeto kwake lidalowa m'munda momwe n'kuyamba kuuza mlimi mmene agwirire khasu lake.

Mzungu ankapempha njira

Sikuti zinthu zidayamba choncho. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, adaima pamudzi wa mfumu Chibisa pafupi ndi pomwe pali boma la Chikwawa lero. Ena mwa Amakololo omwe adabwera naye adatsalira komweko, ndipo chifukwa adali ndi mfuti adasanduka mafumu. Mayina a Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima alipobe mpaka pano.

Masiku amenewo mtsinje wa Shire ndiwo udali msewu wolowera m'dziko muno. Mzungu aliyense, kaya wa mishoni kaya wamalonda, ankadutsa m'manja mwa mafumu a m'chigwachi ndipo ankayenera kukhala nawo bwino. Wochita matama ankaona mbonaona. Mu 1884 mzungu wina wogula minyanga ya njovu, George Fenwick, adakangana ndi mfumu Chipatula n'kuiwombera. Anthu a mfumuyo sadapite kukadandaula kwa aliyense. Adamusaka Fenwick n'kumupha, ndipo adamiza sitima ya kampani ya African Lakes yotchedwa Lady Nyasa.

Patangotha zaka 7, zinthu zidatembenuka. Mu 1891 dziko la Britain lidalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake, ndipo Harry Johnston adafika kudzakhazikitsa boma. Pamtsinje padali kale sitima ziwiri zankhondo, Mosquito ndi Herald. Dzina loti Port Herald, lomwe agogo athu ankaitanira boma la Nsanje, lidachokera pa sitima yankhondo yachiwiriyo. Tangoganizani, malo a Amang'anja kupatsidwa dzina la chombo chonyamula mizinga, ndipo dzinalo n'kukhala zaka zoposa 70.

Johnston adapereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu ndi makampani awo. M'dziko lonse malo omwe adapita m'manja mwawo adali pafupifupi maekala 3.7 miliyoni. Mmodzi mwa omwe adapata malo aakulu, kuphatikizapo ena m'mbali mwa Shire, adali Eugene Sharrer, yemwe minda yake idadzakhala ya British Central Africa Company. Munthu wopezeka kuti mudzi wake uli pamalo a mzungu ankalipira lendi ndi thukuta lake. Ili ndilo thangata lija, mawu omwe kale ankatanthauza kuthandizana pakati pa anansi.

Kenaka kudabwera msonkho wa nyumba. Apa ndi pomwe tsankho lidalembedwa poyera m'malamulo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 boma lidakweza msonkhowu kufika masheleni 6, koma munthu yemwe wagwira ntchito kwa mzungu kwa mwezi umodzi ankalipira masheleni atatu okha. Wolima munda wake womwe, kapena wogwira ntchito kwa munthu wakuda mnzake, ntchito yake sinkawerengedwa. Lamulolo linkanena mosapsatira kuti thukuta limakhala la mtengo pokhapokha likagwera m'munda wa mzungu.

Benchi la kumbuyo

Madzi a Shire atayamba kuchepa moti sitima zapamadzi zinkatitimira mumchenga, atsamunda adamanga njanji. Ya kuchokera ku Port Herald kudzera pa Chiromo kukafika ku Blantyre idatsegulidwa mu 1908. Mu 1915 idafika pa Chindio m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1935 mlatho waukulu wa pa Zambezi, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, udalumikiza dziko lino ndi doko la Beira.

Omwe adasenza dothi ndi miyala pomanga njanjiyi adali anthu akuda. Koma sitima itayamba kuyenda, malo awo adali m'mabogi a kalasi yotsika, pamabenchi a matabwa, mothithikana ndi mitolo, nkhuku ndi ana. Mabogi a mipando ya wofowofo adali a azungu. Amwenye, omwe adatsegula masitolo pa Chiromo ndi pa Port Herald, ankakhala pakatikati, m'sitima ngakhalenso m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Makwerero adali atatu: mzungu pamwamba, Mmwenye pakati, mwini dziko pansi. Anyamata zikwizikwi opita kukagwira ntchito ku Salisbury ndi kumigodi adadutsa pa Port Herald atakhala pamabenchi amenewa.

Nkhani ya malo okhala paulendo si ya kuno kokha. Ku America, mu 1892, munthu wina wotchedwa Homer Plessy adamangidwa mumzinda wa New Orleans chifukwa chokhala m'bogi ya azungu. Mlandu wake udafika kukhoti lalikulu la dzikolo, lomwe mu 1896 lidagamula kuti kulekanitsa anthu potengera khungu n'kololedwa bola onse apatsidwe zinthu zofanana. Zofananazo sizidaoneke, koma kulekanitsako kudakhazikika m'sukulu, m'zipatala ndi m'mabasi.

Chaka chotsatira, mu 1897, mnyamata wa ku Chiradzulu, John Chilembwe, adafika m'dziko lomwelo pamodzi ndi Joseph Booth. Adakaphunzira pasukulu ya ubusa ya anthu akuda mumzinda wa Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, komwe malamulo a tsankho adali pachimake. Kumeneko adaonanso anthu akuda akuyendetsa okha mipingo, sukulu ndi nyuzipepala zawo. Adabwerera kumudzi mu 1900, njanji isanamangidwe, pomwe njira ya aliyense wochokera kunyanja yamchere idali yokwera Zambezi ndi Shire. Ndiye kuti maganizo a anthu akuda a ku America omenyera ufulu adalowa m'dziko muno kudzera pachipata chomwechi cha kuchigwa.

Chilembwe ataukira boma pa 23 January 1915 n'kuphedwa kumayambiriro kwa February, atsamunda adakhazikitsa bungwe lofufuza chomwe chidakwiyitsa anthu. Pakati pa madandaulo a thangata, msonkho ndi zikoti padatulukanso nkhani yooneka yaing'ono: chipewa. Munthu wakuda akakumana ndi mzungu panjira ankayenera kuvula chipewa, ndipo wosavula ankatha kumenyedwa. Mzunguyo nthawi zambiri sankabweza n'komwe ulemuwo. M'busa Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre adali mmodzi mwa omwe adadzudzula khalidweli pamaso pa bungwelo. Kuchigwa, komwe dzuwa limawotcha ngati ng'anjo mwezi wa October, kuvulitsa munthu chipewa sidali nkhani yamasewera.

Othawa mbalamatodya

Pali chinthu china chomwe tiyenera kuvomereza. Ngakhale zinthu zidali choncho kumbali ya Angerezi, anthu ankawolokabe malire kuthawira kuno. Kutsidya, m'dziko la Apwitikizi, kudali ntchito yokakamiza ya chibalo ndi mbalamatodya, kathabwa koboolaboola komwe ankamenyera munthu m'manja mpaka kutupa. Nkhondo ya Makombe ya mu 1917, pomwe anthu a ku Barue adaukira Apwitikizi, idathamangitsa mabanja ambirimbiri omwe adadzakhazikika ku Port Herald ndi ku Chikwawa. Asena ambiri a m'chigwachi makolo awo adabwera m'zaka zimenezo ndi zam'mbuyo mwake.

Adafika ali ndi manja olimba, ndipo pamodzi ndi Amang'anja adasandutsa chigwachi kukhala nkhokwe ya thonje.

Nkhani ya thonjeyi njofunika kuimvetsa bwino chifukwa ndi pomwe bodza la tsankho lidaonekera poyera. Atsamunda ankakhulupirira kuti mbewu zogulitsa kunja angazithe ndi mzungu yekha, wakuda ntchito yake n'kugwira khasu basi. Azungu adatsegula minda ikuluikulu ya thonje, koma tizilombo ndi kukwera mtengo kwa zinthu zidawagwetsa, moti pofika m'ma 1920 ambiri adali atagwa mphwayi. Pomwepo alimi wamba a m'madimba a Shire, bambo, mayi ndi ana awo, ankakolola thonje lochuluka chaka ndi chaka, chifukwa ankadziwa nthawi yomwe madzi amaphwa ndi pomwe chinyontho chimakhalitsa. Thonje lambiri la alimi akuda m'dziko muno linkachokera kuchigwa.

Mlimi adapambana kumunda koma adagonja pasikelo. Kuyambira mu 1923 mpaka 1930 boma lidapatsa bungwe la British Cotton Growing Association, lomwe likulu lake lidali ku Manchester, mphamvu zogula lokha thonje la alimi akuda olima pamalo a boma, pamtengo wokhazikitsidwa, ndipo phindu ankagawana ndi bomalo. Mlimi sakadatha kunena kuti mtengo wachepa, ndikagulitsa kwina. M'zaka za m'ma 1950 ntchito yomweyi idapita m'manja mwa mabodi a boma ogula mbewu, omwe ankagula kwa mlimi wakuda motchipa n'kukagulitsa kunja mokwera, pomwe mzungu wa esiteti ankadzigulitsira yekha mbewu zake. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala adalemba buku lonse lofotokoza za moyo wa alimi a m'chigwachi kuyambira 1859 mpaka 1960, ndipo nkhani ya thonjeyi ili pamtima pa bukulo.

Ngati kuti zimenezi sizidakwane, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madzi a m'nyanja ya Malawi adakwera ndipo Shire adasefukira n'kumiza madimba ambiri a ku Dinde ndi ku Dabanyi, dambo lija azungu adalitcha Elephant Marsh. Anthu adasamukira kumtunda, kumphala, komwe ulimi umadalira mvula yosapanganika ya kuchigwa. Ali m'mavuto amenewa ndi pomwe boma lidabwera ndi malamulo atsopano.

Nkhondo ya mizere

Akuluakulu omwe adakula m'zaka za m'ma 1950 mukawatchulira mawu oti malimidwe, nkhope zimasintha. Malamulo osamalira nthaka adakhazikitsidwa mu 1946 ndipo adakhwimitsidwa m'nthawi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby, yemwe adalamulira kuyambira 1948 mpaka 1956. Mlimi aliyense adalamulidwa kulima mizere yopingasa, kuunda migula, kubzala pofika tsiku loikika ndi kuzula mitengo ya thonje pofika tsiku linanso loikika. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa, ndipo nthawi zina mbewu zake zinkazulidwa.

Kumapiri, komwe madzi a mvula amakokolola nthaka, mizere ili ndi nzeru yake, ndipo lero alimi ambiri amalima choncho popanda wowakakamiza. Koma chigwa ndi chathyathyathya. Makolo kumeneko ankabzala pansi posaunda kapena pamatutu, ndipo alimi ankadandaula kuti mzere wa dothi lamchenga umauma msanga padzuwa la kuchigwa, komanso ntchito yake njowawa panthawi yomwe nthaka yauma gwa. Palibe adawafunsa. Mlimi yemwe adagonjetsa mzungu pa ulimi wa thonje zaka 30 m'mbuyomo tsopano ankaimitsidwa pabwalo la milandu ngati mwana wosadziwa kulima.

Chowawa china chidali choti chikwapu adachipereka m'manja mwa mafumu. Milandu ya malimidwe inkaweruzidwa m'mabwalo a mafumu, ndipo mfumu yofewa inkaika ufumu wake pachiswe. Ku Port Herald, mfumu Molin Tengani idatchuka ndi kulimbikitsa malamulowa mwamphamvu. Idali mfumu yachikhristu, ndipo sinkamvana ndi osunga kachisi wa Mbona ku Khulubvi, komwe anthu ankapita kukapempha mvula. Wansembe wa Chikatolika Matthew Schoffeleers, yemwe adakhala m'chigwachi n'kufufuza mbiri ya Mbona, adaonetsa kuti kachisiyu adali malo amodzi omwe mawu okana malamulo a atsamunda ankatulukira. Anthu omwe adalibe nyuzipepala kapena mpando m'Nyumba ya Malamulo adalankhulira komwe akadatha.

Ndipo mpandowo adalibedi. Nyumba ya Malamulo ya Nyasaland idakhazikitsidwa mu 1907, koma kwa zaka zoposa 40 mudalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi. Zofuna za anthu akuda ankazilankhula ndi mzungu wa mishoni wosankhidwa ndi bwanamkubwa. Akuda awiri oyamba adalowamo mu 1949. Pofika 1956 akuda, omwe adali oposa 2 miliyoni, adali ndi mipando 5, pomwe azungu ndi Amwenye, omwe onse pamodzi sankafika 20,000, adali ndi mipando 6. Kusukulu nakonso kudali chimodzimodzi: sekondale yoyamba ya ana akuda m'dziko lonse idatsegulidwa ku Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, patatha zaka pafupifupi 50 za ulamuliro wa Britain. Mwana wa ku Makhanga kapena ku Chapananga kuti akafike kumeneko adayenera kukhala ndi mwayi wa mzama.

Mu 1953 Britain idakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ngakhale anthu akuda, kudzera m'chipani cha Nyasaland African Congress ndi mafumu ambiri, adachikana. Anthu a kuchigwa sadafunikire wowafotokozera kuopsa kwake. Ana awo omwe ankakwera sitima kupita ku Salisbury ndi ku Bulawayo ankabwera ndi nkhani za chitupa, za malokeshoni ndi za malo abwino onse omwe adapatulidwira azungu. Mantha adali oti malamulo a ku Southern Rhodesia akwera sitima yomweyo kubwera kuno.

Mwezi wa August chaka chomwecho moto udabuka ku Thyolo, pamalo a azungu pomwe thangata lidali litafika posauzana. M'masabata otsatira udatsikira kuchigwa, ku Chikwawa ndi ku Port Herald. Anthu adatseka misewu ndi mitengo, adakana msonkho, adakana mizere, ndipo mkwiyo wawo udagwera kwambiri mafumu ndi alangizi omwe ankaoneka kuti ali kumbali ya boma. Apolisi adawombera. M'madera onse omwe mudachitika zipolowezi anthu 11 adafa ndipo ena oposa 70 adavulala.

Ena amati izi zidali chabe zipolowe za alimi okana chitukuko. Ife tikuona kuti kutero n'kuwachepetsa. Patangopita zaka ziwiri, pa 1 December 1955, mayi Rosa Parks adakana kupatsa mzungu mpando wake m'basi mumzinda wa Montgomery ku America, ndipo anthu akuda adanyanyala mabasi kwa masiku 381. Dziko lonse lapansi limawadziwa mayiwa, ndipo n'koyenera. Mayi wa kwa Tengani yemwe adakana kuunda mzere m'munda mwake, akudziwa kuti mesenjala abwera, ankakananso chinthu chomwecho: kuti munthu wina, chifukwa cha khungu lake, akhale ndi mphamvu yomuuza pokhala ndi polima. Kusiyana kwake n'koti dzina la mayi wa kwa Tenganiyo palibe adalilemba.

Congress idaona kuti nkhani ya malimidwe ndiyo ikufika anthu pamtima kuposa mawu ovuta a ndale za chitaganya. Dr Hastings Kamuzu Banda atabwera pa 6 July 1958, misonkhano yake idadzudzula zinthu ziwirizi limodzi. Pa 3 March 1959 boma lidalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, anthu oposa 1,000 adatsekeredwa ndipo oposa 50 adaphedwa. Bungwe la woweruza Patrick Devlin, lomwe Britain idatuma kudzafufuza, lidapeza kuti kukana chitaganya kudali ponseponse ndipo lidatchulanso malamulo a zaulimi ngati chimodzi mwa zomwe zidadanitsa anthu ndi boma. Pakati pa achinyamata a kuchigwa omwe adalowa ndale m'nyengo imeneyi padali Gwanda Chakuamba wa ku Nsanje, yemwe adadzakhala nduna, kenaka mkaidi wa boma lomwelo kuyambira 1980 mpaka 1993.

Ngakhale chisankho cha pa 15 August 1961 chidali ndi makwerero ake. Padali kaundula wapamwamba wa anthu a chuma ndi maphunziro, momwe mudadzaza azungu ndi Amwenye, wokhala ndi mipando 8, ndi kaundula wapansi wa mipando 20. Malawi Congress Party idatenga mipando yonse 20 ya pansi ndi ina ya pamwamba. Chaka chotsatira thangata lidathetsedwa mwalamulo, kukakamiza malimidwe kudazilala, ndipo chitaganya chidatha pa 31 December 1963.

Zotsalira

Mbendera itasintha pa 6 July 1964, Port Herald idakhala Nsanje ndipo m'sitima munthu adayamba kukhala pomwe thumba lake lamufikitsa. Koma si zonse zidachoka ndi atsamunda. Bodi yogula mbewu idangosintha dzina, kukhala Farmers Marketing Board mu 1962 kenaka Admarc mu 1971, ndipo kwa zaka zambiri mlimi wa thonje wa ku Ngabu adapitiriza kugulitsa kwa wogula mmodzi pamtengo womwe sadauike yekha. Kusiyana kwa mlimi wamng'ono ndi mwini esiteti kudatsala, kungoti eni maesiteti ambiri tsopano adali akuda anzake.

Amwenye nawo adalawa mbali ina ya mpeni womwewo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Banda lidawalamula kuti achoke m'madera a kumidzi n'kukachitira malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Masitolo awo a pa Chiromo, pa Nsanje ndi malo ena a malonda adatsala m'manja mwa ena, ndipo ambiri sadakhalitse.

Palinso tsankho lomwe sitingalikankhire kwa mzungu. Chichewa chitakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, zilankhulo zina zidasowa malo pawailesi ndi m'sukulu. Asena ambiri opita kukagwira ntchito ku Blantyre ndi ku Lilongwe ankabisa chilankhulo chawo poopa kusekedwa ndi kutchedwa obwera, ena mpaka kumadzitchula mtundu wina. Zidzukulu za anthu omwe adathawa mbalamatodya n'kudzalima thonje lomwe lidalemeretsa boma zinkachita manyazi kupereka moni wa kwawo m'basi.

Malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994, mu gawo 20, amaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo kapena komwe adachokera. Nkhani za m'Chisena zidayamba kumveka pawailesi ya MBC chapakati pa zaka za m'ma 1990, patatha zaka zoposa 30 dziko lili pa ufulu.